Koperani bolodi langa, koma chotsanipo dzina langa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa tsamba lanuli, ngakhale ndikudziwa kuti owerenga ena aiona nkhaniyi ngati ya ana. Ine ndimapanga tizipangizo ta magemu a arcade, aja makina oimirira omwe umaponyamo ndalama yachitsulo, dzanja lamanzere n'kugwira joystick (kandodo koyendetsera gemu), lamanja likuomba mabatani. Makina otero anachepa, koma owakonda sanathe. Ena amadzikhomera bokosi lawolawo kunyumba n'kuikamo kompyuta yokhala ndi MAME, pulogalamu ija inayamba mu 1997 yomwe imadzutsa magemu akale. Ena ndi osewera magemu omenyana monga Street Fighter ndi Tekken, anthu omwe amatha kukangana usiku wonse za kulimba kwa sipuling'i imodzi. Amenewa ndiwo makasitomala anga. Ndimawagulitsa kabolodi ka zamagetsi kokwana m'chikhatho, komwe kamalandira mawaya ochokera ku joystick ndi mabatani n'kuuza kompyuta kudzera pa USB kuti chala chadina pati. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Ndimapanga ndekha, madzulo ndikaweruka ku ntchito ina, patebulo lomwe linapsa kale m'mphepete ndi chowotcherera.

Mwezi wathawu ndinalandira phukusi lochokera kwa bambo wina yemwe sindinamugulitsepo kanthu. M'katimo munali bolodi ndi kapepala kolemba ndi ukali, kuti ndamudyera ndalama, chinthu changa chafa pasanathe masabata awiri, ndipo akauza anzake onse kuti asadzayerekeze kugula kwa ine. Nditalitulutsa m'pepala, mtima unagunda. Linali bolodi langa ndithu: kukula kwake, mizere iwiri ya timasikuluwu tomangira mawaya, dzina la kabizinesi kanga ndi imelo yanga zolembedwa ndi utoto woyera pakona. Ndinayatsa nyale n'kulitembenuza. Mtovu wowotcherera unali wotuwa, wounjikana ngati phula la kandulo. Polowetsa USB pankagwedera ndikapakhudza ndi chikhadabo, pomwe ine miyendo ya chitsulo chimenecho ndimaiwotcherera mpaka kuseri, poti ndimadziwa momwe osewera amakokera waya akaluza.

Kenako ndinaona chinthu chomwe chinandiseketsa ndekha usiku umenewo. Pa mabolodi anga oyamba ndinalakwitsa zolemba: pomwe pamayenera kukhala UP ndinalemba DOWN, pa DOWN ndinalemba UP. Ndinazindikira atabwera kale kuchokera kufakitale, ndiye ndinakhala pansi ndi cholembera chakuda n'kukonza limodzi ndi limodzi, onse 50. Palibe bolodi langa loyamba lomwe linatuluka m'nyumba muno lopanda inki yakuda ija. Ili linali ndi cholakwikacho, koma inki panalibe. Wina anatenga mafayilo anga akale a mapangidwe a bolodilo, n'kukapangitsa mabolodi ake, n'kukopera zonse mpaka chilema chomwe.

Chinalipha ndinachipeza msanga. Pa mapangidwe oyambawo sindinaike kachipangizo koteteza mizere ya USB ku magetsi aja amathetheka m'thupi ukagwira chitsulo nyengo youma. Mabolodi anga angapo anafa nazo, eni ake ndinawapatsa ena atsopano, n'kuwonjezera kachitetezoko pa mapangidwe achiwiri. Papita nthawi yoposa chaka. Mnzanga wokoperayo akugulitsabe matenda omwe ine ndinachiza kalekale, ndipo odwala akubwera pakhomo panga chifukwa ndi pomwe pakuloza chikwangwani.

Nditafotokozera anzanga a ntchito yomweyi, ambiri anati ndi wakuba, timuyalutse, aliyense aleke kugula zokopera. Apa ndi pomwe ndikusiyana nawo, ndipo n'chifukwa chake ndalemba kalatayi m'malo mongotukwana. Kukopera pakokha sindikuona mlandu. Ndikadati ndiimirire n'kukuwa kuti andibera, ndikadakhala wachinyengo woposa iye.

Taonani zomwe zili pa bolodi langalo. Ubongo wake ndi chip ya RP2040, yomwe a Raspberry Pi anatulutsa mu 2021. Sindinaipange ine. Pulogalamu yomwe imayendetsa ndi GP2040-CE, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka omwe sindinakumanepo nawo, ndipo anaipereka ulere pa layisensi ya MIT, yomwe imakulola kuitenga, kuisintha ngakhale kuigulitsa, bola usafufute mawu osonyeza eni ake. Mabokosi omwe makasitomala anga amakhoma amaboola mabowo a mamilimita 30 ndi 24 chifukwa ndiwo miyeso ya mabatani a makampani a ku Japan, Sanwa ndi Seimitsu. Kandandalikidwe ka mabataniwo ambiri amakopera ku makina a Astro City a Sega kapena Vewlix a Taito, ndipo zoti akhale asanu ndi limodzi, atatu a nkhonya atatu a mateche, zinafala ndi Street Fighter II mu 1991. Tikabwerera m'mbuyo, mu 1985 makampani a ku Japan anagwirizana pa JAMMA, cholumikizira chimodzi cha mapini 56, kuti mwini makina azitha kuchotsa gemu ya kampani ina n'kulowetsa ya ina osadula waya. Ntchito yathu yonse inamera pa kugawana kotere. Changa chenicheni pa bolodilo ndi kaikidwe ka zinthu, timasikuluwu tija tothandiza munthu wosadziwa kuwotcherera, ndi mausiku omwe ndinataya poyesa. Ndipo mafayilo ake ndinawaika poyera ndekha, palibe anandikakamiza. Ndinangopempha chinthu chimodzi, chomwe ndinalemba pamwamba penipeni: ukapanga ako, chotsapo dzina langa, uikepo lako.

Za mtengo sindikudandaula ngakhale pang'ono. Wokoperayo amagulitsa motchipa kwambiri kuposa ine, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: amapangitsa mabolodi ochuluka nthawi imodzi, ine ndimaitanitsa ochepa omwe ndalama yanga ingakwanitse, ndipo fakitale imachotsera kwambiri yemwe waitanitsa zambiri. Amenewo ndi malonda. Mnyamata yemwe ali ndi ndalama zochepa ali ndi ufulu woyamba ndi chotchipa. Inenso bokosi langa loyamba munali kabolodi kaja kotchipa komwe aliyense amakatcha Zero Delay, ndipo pakadapanda iko bwenzi lero sindikudziwa kusiyana kwa geti ya makona anayi ndi ya makona asanu ndi atatu, kachipangizo kokhala pansi pa joystick koika malire a kayendedwe kake. Wogula chotchipa lero ndi kasitomala wanga wa mawa.

Mlandu ndi bodza. Dzina langa pa bolodi lake likuuza wogula zinthu zitatu zonama: kuti ndinalipanga ndine, kuti ndinaliyesa, ndi kuti likafa ndidzayankha. Wogula akulipira ndalama zochepa koma akuganiza kuti wagula zitatu zonsezo. Wogulitsa watenga ndalama, ine wandisiyira madandaulo.

Kubwereka kwa mnzako n'kunena poyera n'kotheka, ndipo kumagulitsa. Mu 2009, Street Fighter IV itafika pa makina a m'nyumba, kampani ya Mad Catz inatulutsa ma stick ake (mabokosi osewerera) a Tournament Edition okhala ndi joystick ndi mabatani enieni a Sanwa. Sinabise. Inanena momveka kuti zam'katimu ndi za Sanwa, ndipo anthu anathamangira kugula chifukwa cha chimenecho. Yerekezani ndi zomwe timaona masiku ano pa masamba ogulitsira malonda: batani looneka ndendende ngati la Sanwa lotchedwa OBSF-30, dzina la Sanwa lalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, kamawu kosonyeza kuti n'longofanana nalo kabisidwa kumapeto komwe diso silifika. Wosewera wozolowera amazindikira akangoika chala, chifukwa batani lenileni ndi lopepuka moti umangoligusa pang'ono, lalira kale. Koma woyamba kumene sadziwa. Akaona kuti batanilo layamba kukakamira patatha mwezi, amatukwana kampani yomwe sinalipange. Batani lokoperalo likadabwera ndi dzina lakelake, n'kunena kuti limalowa pa bowo la mamilimita 30 ndipo ndi lotchipa, bwenzi ine ndikuliika m'mabokosi a ana anga popanda manyazi. A ku Korea sanachite kunamizira dzina la munthu: anapanga joystick yawoyawo yobwerera pakati ndi labala m'malo mwa sipuling'i, ndipo osewera Tekken ambiri amaifunafuna ndi dzina lake.

Ena andifunsa kuti bwanji osatenga patent. Amene amafunsa zimenezi sanaonepo kukula kwa msika wathu. Patent imateteza chinthu chatsopano zaka 20, koma ndalama zoitengera ndi zolipira loya wokathamangitsa munthu wa kutsidya kwa nyanja zimaposa phindu lonse lomwe bolodi ngati langa lingabweretse pa moyo wake. Komanso, monga ndanena, chatsopano pa bolodi langa n'chochepa. Ife opanga tinthu ting'onoting'ono khoti lathu ndi mbiri basi. Tilipo ochepa, ogula ndi omwewo, ndipo mawu oipa amafika kwa onse tsiku lomwelo.

N'chifukwa chake ndiyenera kuulula changa, poti anyani sasekana zikundu. Zaka ziwiri zapitazo kasitomala wina anandifunsa ngati bolodi langa likuposa la bambo wina wachikulire yemwe anayamba ntchitoyi ine ndisanadziwe n'komwe kugwira chowotcherera. Ndinamuyankha kuti la mkuluyo limachedwa, ukadina batani limatenga kanthawi lisanauze kompyuta. Mawu amenewa kwa wosewera magemu omenyana ndi chiphe. Magemuwa amayenda pa zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chimodzi chimakhala mamilisekondi 16 ndi kachidutswa, ndipo pali nkhonya zina zomwe ukaphonya ndi chithunzi chimodzi chokha zonse zasokonekera. Ukangonena kuti bolodi la uje limachedwa, wamuthera malonda. Kodi ndinali nditayeza? Ayi. Ndinangomva kwa wina, yemwenso mwina anangomva kwa wina. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Mawuwo anayenda mpaka anakamupeza mwini wake. Ndinkadikira kalata yaukali. M'malo mwake kunabwera kaphukusi, m'kati muli bolodi lake latsopano ndi kapepala kondipempha mwaulemu kuti ndiliyeze, ndipo ndikapeza kuchedwako ndimuuze kuti akonze. Sanalembe mawu ena. Ndinakhala Loweruka lonse ndikuyeza, waya umodzi wolumikiza batani limodzi ku mabolodi onse awiri, langa ndi lake, kudina kambirimbiri n'kumawerenga kuti layamba kufika ndi liti. Onse awiri ankalankhula ndi kompyuta ka 1000 pa sekondi, ndipo kusiyana kwake kunali koti chala cha munthu sichingakumve. Ndinatuluka thukuta la manyazi. Ndinalembera kasitomala uja kuti ndinanama, ndinalemberanso mkuluyo kupepesa. Anangoyankha kuti zatha, n'kundilangiza za kachitetezo ka USB kaja, komwe pa bolodi lake kanalipo kale. Inde, nzeru yomwe inakonza mapangidwe anga achiwiri ndinaitenga kwa munthu yemwe ndinamunyoza, ndipo pa mafayilo anga ndinalemba kuti inachokera kwa iye.

Choncho ndikamanena za bodza pa malonda athuwa sindikunena ngati woyera. Ndikudziwa kukoma kwake. Kasitomala wakufunsa, ndalama yayandikira, ndipo kamawu kamodzi konyoza mnzako kakhoza kuigwetsera m'thumba mwako. Kunyoza kotere ndi kuika dzina la mnzako pa katundu wako ndi mlandu umodzi. Konseko ukudya mbiri ya munthu wina, kwina poiipitsa, kwina poivala.

Palinso khalidwe lina lomwe ndingolitchula modutsa, la kutolera ndalama za anthu pa chinthu chomwe chikadali chithunzi pa kompyuta, n'kulonjeza mwezi wamawa, mwezi wamawawo n'kusanduka chaka. Ambiri ochita izi si akuba, amangokhala kuti sanawerengere bwino, fakitale yachedwa kapena pulasitiki yatuluka yopindika. Koma akayamba kuthawa mauthenga, amatipakira matope tonse, chifukwa wopsa kamodzi sakhulupiriranso wopanga wamng'ono aliyense. Ine sindilandira ndalama ya bolodi lomwe sindinaligwire m'manja. Mwina n'chifukwa chake kabizinesi kanga sikakula.

Anthu amaiwala kuti pa mtengo wa chinthu chonga ichi palinso ntchito ya m'tsogolo. Ndipereke chitsanzo. Pali ma controller opanda ndodo, omwe mbali zonse zinayi ndi mabatani okhaokha, ofalitsidwa ndi a Hit Box. Pa amenewa munthu akhoza kudina kumanja ndi kumanzere nthawi imodzi, kapena m'mwamba ndi pansi, zomwe pa joystick sizitheka, ndiye bolodi limayenera kusankha choti liuze gemu. Osewera amazitcha SOCD. Kwa nthawi yaitali mabolodi ambiri ankati ukadina m'mwamba ndi pansi pamodzi, kupambane m'mwamba. Mu 2023 a Capcom, kampani yopanga Street Fighter, anasintha malamulo a mipikisano yawo, kuti mbali ziwiri zotsutsana zikadinidwa pamodzi pasatuluke kalikonse. Sabata imeneyo foni yanga sinapume. Aliyense ankafuna kudziwa ngati akamubweze pakhomo la mpikisano. Mwamwayi GP2040-CE imalola kusintha zimenezi, koma si onse amadziwa kolowera, ndiye ndinkawatsogolera mmodzimmodzi, ena mpaka pakati pa usiku, mkazi wanga akufunsa ngati ndakwatira mabatani. Sindinalipiritse munthu. Ntchito imeneyo inali italowa kale mu mtengo womwe analipira pogula. Tsiku lomwe malamulo adzasinthenso, ogula mabolodi okopera aja adzayang'ana pakona, adzaona imelo yanga, adzalembera ine. Ndipo ine, mmene ndimadzidziwira, ndidzawayankha, chifukwa sindingathe kuuza mwana yemwe ali ndi mpikisano mawa kuti akafunse komwe anagula.

Kwa ogula ndilibe zambiri. Funsani kuti wapanga ndani, ndipo likafa mudzalembera ndani. Wogulitsa akayamba ndi kukuuzani kuipa kwa katundu wa mnzake, mufunseni ngati anayeza, ndi kuti anayeza bwanji. Ndikadafunsidwa funso limenelo tsiku lija, bwenzi nditasowa chonena.

Bambo wa phukusi uja ndinamuyankha. Ndinamutumizira zithunzi ziwiri, bolodi lake ndi langa atagona pamodzi pansi pa nyale, ndi kumuonetsa mtovu, polowetsa USB ndi malo opanda kanthu pomwe pamayenera kukhala kachitetezo. Poyamba sanakhulupirire, anati ndikuthawa mlandu. Nditamufunsa komwe anagula, anatumiza risiti, ndipo ataiwerenganso yekha anaona kuti dzina la wogulitsa si langa. Ndinamutumizira bolodi langa lenileni, analipira zotumizira zokha. Anzanga akuti ndine wopusa, ndalipira ngongole ya munthu wina. Mwina. Koma pabolodi lakufalo panali dzina langa, ndipo anzake omwe ankati akawauze aja akanamva za ine, osati za wokoperayo.

Wogulitsayo ndamulembera kawiri, sanayankhe. Sindimudziwa nkhope, ndipo n'kutheka kuti si munthu mmodzi. Ngati mawuwa angamupeze kudzera mwa wina, ndikumuuza izi. Mafayilo a mapangidwe achiwiri ali pomwe anatenga oyamba aja, ndipo ndi aulere chimodzimodzi. Atenge amenewo. Kachitetezo ka USB asakachotse pofuna kupulumutsa timakobiri, ndi kamene kakumuphera mabolodi. Miyendo ya polowetsa waya aiwotcherere mpaka kuseri. Pakona afufute dzina langa ndi imelo yanga, alembe zake, ndipo akatero ine ndemwe ndizidzauza anyamata osowa ndalama kuti akagule kwa iye. Akakana zonsezi, angokonzako chimodzi chokha: pa mzere wakumanzere, sikuluwu yoyamba ndi UP, yachiwiri ndi DOWN. Anthu ake akumadumpha pomwe akufuna kugwada.

Ine wanu,
Wowotcherera timabolodi